Zolemba za ntchito: kusankha moika mafuta odzola a mtanda

Kumapeto kwa Ogasiti

Kasakanizidwe ka mafuta kakhazikika tsopano, choncho kuyambira pano zolemba izi zikhala za nkhani imodzi yokha, yomwe ndi moika mitanda ya mafuta odzola imene timapanga, youmbidwa ngati sopo, ikatuluka m'chikombole. Ndiyamba ndi zimene zili mu mtandawo, popeza zonse zimene tisankhe kutsogoloku zitsatira khalidwe la zinthu zimenezi. Timayeza pa sikelo magawo atatu olemera mofanana: phula la njuchi, batala wa shea, ndi mafuta amadzimadzi, omwe kwa ife ndi a malambe osakaniza ndi a mpendadzuwa. Phula timalipeza kwa alimi a njuchi a kumpoto ndipo limabwera kudzera ku Mzuzu, pamene shea ndi wakunja chifukwa mtengo wake sumera kuno. Umamera kumadzulo kwa Africa, m'maiko monga Ghana ndi Burkina Faso, komanso kumpoto kwa Uganda. Mu mtanda mulibe madzi ngakhale dontho, n'chifukwa chake sitithiramo mankhwala oteteza ku chuku monga amachitira opanga mafuta a m'mabotolo, koma timangoonjezera vitamini E pang'ono kuti mafuta asafulumire kusintha fungo.

Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, koma shea amayamba kufewa kutentha kukangopitirira madigiri 30, ndipo amasungunuka chapafupi ndi kutentha kwa thupi la munthu, komwe ndi madigiri 37. Ubwino wa mtanda uli pamenepa, chifukwa munthu akaufumbata m'manja pamwamba pake pamasungunuka pang'ono, iye n'kudzola pa zigongono, m'mawondo kapena pa ming'alu ya kumapazi. Vuto lakenso lili pomwepo, popeza kutentha kwa m'minibasi yoima padzuwa kumausungunula chimodzimodzi ndi kutentha kwa dzanja.

Anthu ambiri amene atithandiza maganizo amayamba ndi mmene opanga sopo amakulungira katundu wawo, koma pali kusiyana kumodzi kumene ndikufuna kuti tisakuiwale. Pepala la sopo limatayidwa tsiku lomwe sopoyo watsegulidwa, pamene mtanda wa mafuta umabwerera m'choikamo chake tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo, ndipo umabwereramo uli wofunda ndi womata pamwamba. Choikamo chathu, tsono, chiyenera kutseka bwino ngakhale chitatsegulidwa kambirimbiri, chisayamwe mafuta, chisalowetse fumbi, chilole mtanda kutuluka popanda kuukumba ndi zikhadabo, ndipo mtengo wake usapose wa mafuta enieniwo.

Zinthu ziwiri tazichotsa pamndandanda tisanaziyese n'komwe. Timabotolo tagalasi n'tolemera ndipo timasweka m'njira. Timajumbo topyapyala sitikutiganizira, chifukwa malamulo a m'chaka cha 2015 amaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki amene kukhuthala kwake sikufika mamaikironi 60 (mamilimita 0.06), ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019.

Seputembala: mapepala ndi nsalu

Tinayamba ndi zotsika mtengo komanso zopezeka pafupi. Pepala la khaki wamba linalephera msanga, chifukwa sabata isanathe linali litatuluka mawanga akuda a mafuta mbali zonse zimene linakhudzana ndi mtanda, ngakhale linali pashelefu ya m'nyumba yozizira bwino. Pepala losalowa mafuta, lija ophika makeke amayala m'mathireyi, linachita bwino kwambiri likadali lotsekedwa. Mtanda wokulungidwa m'pepala limeneli n'kumangidwa ndi kachingwe ka khonje umaoneka bwino pathebulo logulitsira, ndipo anthu amaunyamula n'kuununkhiza osaudetsa. Mavuto amayamba ukatsegulidwa: pepalalo limakwinyika, limayamba kung'ambika m'mizere yopindapo, ndipo mafuta amadutsa m'mizere yomweyo. Munthu akakulunga ndi kumasula kwa masiku angapo, chimene chimatsala m'chikwama chake ndi kapepala konyowa mafuta kosaphimbanso kanthu.

Timatumba ta chitenje ndi timene tinakopa anthu kuposa china chilichonse. Atelala anatisokera kuchokera ku zidutswa zotsala, choncho mtengo wake unali wochepa, ndipo alamu anga atatiika pa kauntala ya saluni yawo, amayi obwera kudzaluka tsitsi ankayamba kufunsa za kathumba asanafunse za mafuta. Tinapempha ena mwa iwo kuti agwiritse ntchito mitandayo n'kudzationetsa. Umodzi umene unabwerera ndinauyang'anitsitsa pawindo: pamwamba pake panali timaubweya tabuluu ta nsalu tomatirira ponseponse, m'mphepete munali mzere wofiirira pamene utoto wa chitenje unasuluka, ndipo kathumbako kanali kada ndi kulemera ndi mafuta. Fungo la kathumba linalinso losiyana ndi la mtanda, linali lija la mafuta okhalitsa. Chifukwa chake n'chodziwika: mafuta akamwazikana mopyapyala m'ulusi wa nsalu amakumana ndi mpweya mbali zonse, ndipo mpweya, kuwala ndi kutentha ndi zimene zimaononga mafuta ochokera ku zomera, makamaka a mpendadzuwa. Mayi amene anabweretsa mtandawo anandiuza mwaulemu kuti, "Mafuta anuwa ndi abwino amayi, koma kathumbaka kandithimbiriritsira chikwama." Kathumba ka chitenje tikasunga ngati chovala chakunja pa katundu wa mphatso, mkati muli choikamo china cholimba.

Timadengu ta mlaza tili ndi mipata, ndipo fumbi la mwezi uno silisowa polowera. Nato tatisiya.

Kumapeto kwa Seputembala: tizitini

Tizitini timene tikupezeka ndi ta mitundu iwiri, ndipo pongoyang'ana n'zovuta kutisiyanitsa, ngakhalenso ogulitsa ena amangoti zonse ndi zitini. Pali ta malata, tomwe ndi chitsulo chokutidwa pamwamba, ndiye pali ta aluminiyamu. Ine popita kukagula ndimatenga kamaginito m'thumba, chifukwa ka malata kamakoka maginito pamene ka aluminiyamu sikakoka. Kusiyanaku n'kofunika popeza anthu ambiri amasunga mafuta odzola kubafa kapena pafupi ndi ndowa yamadzi, ndipo chitini cha malata chikangokalika pang'ono chimayamba dzimbiri pamalo okalikawo, makamaka m'mphepete mwa chivundikiro. Aluminiyamu sachita dzimbiri lotere ndipo ndi wopepuka, koma ndi wofewa, moti kachitini kakagwa pa simenti kamabonyoka, ndipo kakabonyokera pakamwa chivundikiro chimavuta kutseka.

Zivundikiro nazonso zili pawiri. China n'chongokankha, china n'cha mazinga chotseka mozunguliza. Chongokankha n'chotchipa ndipo chimatseguka ndi dzanja limodzi, zomwe n'zabwino kwa munthu amene manja ake ali kale ndi mafuta, koma kumasuka komweko kumachititsa kuti chizivundukuka chokha m'chikwama chodzaza makiyi, foni ndi ndalama zachitsulo. Cha mazinga chimagwira, ndipo zambiri zimabwera ndi kathovu koyera kopyapyala mkati mwa chivundikiro komwe kamatseka mpata wa pakamwa. Pogula ndi bwino kutsegula n'kuona ngati kathovuko kalimo, chifukwa tizitini tina timagulitsidwa popanda.

Nkhani imene yatitengera nthawi yambiri sabata zino ndi ya kukula. Tizitini timagulitsidwa potchula mamililita, pamene ife timagulitsa potchula magalamu, ndipo ziwirizi sizifanana. Msakanizo wa phula ndi mafuta ndi wopepuka kuposa madzi, mililita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 0.9, choncho kachitini ka mamililita 60 kangalandire magalamu pafupifupi 54 titathira mpaka pakamwa. Koma mtanda suthiridwa m'chitini, umaumbidwa padera n'kuikidwamo, ndipo uyenera kusiya mpata kuzungulira m'mbali ndi pamwamba kuti munthu akatembenuza chitini pachikhatho ugwe wokha. Tikachotsa mpata umenewo, m'kachitini ka mamililita 60 mumakwana bwino mtanda wa magalamu pafupifupi 40. Zikombole za silikoni, zija zofewa ngati labala, zooneka ngati duwa zimene tinali nazo zimatulutsa mtanda wokongola, koma nsonga za duwalo zimakhuza chivundikiro, ndipo potseka mozunguliza zimaphwanyika n'kupaka mafuta m'mazinga. Tasinthira ku chikombole chozungulira chosalala, chopapatiza pang'ono chakumunsi, chomwe chimasiya mamilimita angapo m'mbali. Amene akuyamba ntchito ngati iyi ndingawalangize kuti apeze kaye chitini chimene angathe kumachipeza nthawi zonse, kenako afune chikombole chokwana m'chitinicho, chifukwa zikombole zilipo za mitundu yambiri ndipo zimagulidwa kamodzi, pamene zitini zimafunika mwezi ndi mwezi.

Alamu anga anafunsa chifukwa chimene sitikungothira mafuta otentha m'chitini momwemo kuti nkhani ya chikombole ithe. Funsoli ndi lomveka, ndipo ntchito ingachepedi, koma chotulukacho chingakhale katundu wina, wopala ndi chala ngati mafuta ena onse a m'zitini amene adzaza kale m'magolosale. Msakanizo wathu ndi wolimba kwambiri moti kuupala ndi chala n'kovuta, ndipo tikaufewetsa tataya chimene chimatisiyanitsa ndi anzathu.

Okutobala: mayeso a kutentha

Mwezi uno ndi umene ndimaudikira, chifukwa choikamo chilichonse chimaoneka chabwino mu Juni. Kuno ku Blantyre tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere ndipo kutentha kwathu kumapiririka, koma ena mwa amene amafuna mafutawa ali ku Mangochi ndi ku chigwa cha Shire, komwe miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40. Tinakonza timakatoni tokhala ndi mitanda m'zoikamo zonse zimene zatsala pa mpikisano, tina tinatumiza pa basi ku Nchalo ndi ku Mangochi kwa abale amene anatijambulira zithunzi atangotsegula, tina tinasiya m'galimoto yotseka mawindo masana, tinanso pashelefu ya m'kanyumba ka malata kopanda siling'i.

Mitanda ya m'mapepala inafika ku Nchalo itaphwatalala, mafuta atadutsa pepala n'kulowa m'katoni. Tizitini ta chivundikiro chongokankha tinadontha m'mbali pafupifupi tonse. Ta mazinga timene tinayenda chilili sitinatulutse kanthu, pamene timene tinagona cham'mbali tinali ndi mafuta pang'ono m'mazinga, okwanira kudetsa sitika koma osafika pa katoni. M'galimoto yotseka munalibe chimene chinapulumuka, mitanda yonse inasungunuka, ndipo kusiyana kunali kongoti ina inatayika pamene ina inakhalabe m'chitini chake. Apa mpamene ndasinthira kaganizidwe ka ntchito yonseyi. Palibe choikamo chimene tingakwanitse kugula chomwe chingaletse kutentha kulowa kwa maola ambiri, ndipo aluminiyamu amalowetsa kutentha msanga kuposa pepala. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti mtanda ukasungunuka mafutawo apita kuti, ndipo kukazizira mwini wake apeza chiyani.

Chimene amapeza m'chitini cha mazinga ndi ichi. Mafuta aumanso, koma atenga maonekedwe a chitini, adzaza mpata uja tinausiya m'mbali ndipo amatirira pansi, moti kutembenuza chitini sikuthandizanso. Ukadzola umamvanso timibulu ngati mchenga wosalala, tomwe timasungunuka ukapitiriza kutikita. Timibuluti ndi khalidwe la shea: muli mafuta a mitundu ingapo amene amauma pa kutentha kosiyana, ndipo akazizira pang'onopang'ono, monga zimakhalira m'katoni usiku, olimbawo amayamba kuundana okha n'kupanga timibulu. Mafuta sanaonongeke, ndipo kuntchito kuno timathetsa vutoli posungunulanso bwinobwino n'kuziziritsa msanga mufiriji, koma wogula sangauzidwe kuti akaphike mafuta amene wagula ndi ndalama zake.

Tachitapo zinthu zingapo. Pansi pa chitini chilichonse tikuyala kapepala kozungulira kosalowa mafuta kokhala ndi kamchira kotulukira m'mbali, kotero kuti mtanda ukamatirira munthu amangokoka kamchirako. Izi zathandiza pa mitanda imene inangofewa, ngakhale sizithandiza kwenikweni pa imene inasungunukiratu mpaka kapepala kumira. Tawonjezeranso phula kuchoka pa gawo limodzi mwa magawo atatu kufika pa magawo anayi mwa khumi, ndipo mtanda wotere unapirira m'kanyumba ka malata osasintha maonekedwe. Mtengo wa kulimbako ndi wakuti umachedwa kusungunuka pakhungu ndipo umakoka pang'ono podzola. Nyengo ino zimenezo sizikudandaulitsa aliyense, koma mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta Blantyre ndipo khungu la anthu likutuwa, yomwe ndi nthawi imene mafutawa amagulidwa kwambiri, mtanda wa phula lochuluka chotere ungakhale wouma mopitirira. Choncho tikhala ndi misakanizo iwiri, wa nyengo yotentha ndi wa nyengo yozizira, chitini n'chimodzimodzi. Ndionjezere kuti shea wa ku Uganda ndi wofewa mwachibadwa kuposa wa kumadzulo kwa Africa, ndipo ngakhale amadzoleka bwino, sitimugwiritsa ntchito pa msakanizo wa nyengo yotentha.

Pa katumizidwe, tizitini tikutisanja chilili m'katoni yolimba, mipata yonse titaitseka ndi mapepala ofwanyafwanya kuti pasakhale kogubuduzika, ndipo pamwamba pa katoni tikulemba mbali yoyang'ana kumwamba. Tikusankha mabasi onyamuka m'mamawa kwambiri, ndipo timapempha kuti katoni isaikidwe pafupi ndi injini kapena pansi penipeni pamene pamatentha. Pali tizitini topakidwa penti yakuda timene timaoneka tapamwamba kwambiri ndipo ndinatikonda, koma titatiika pathebulo padzuwa pamodzi ndi tosapaka, takuda tinatentha moti mitanda ya mkati inayamba kutuluka thukuta la mafuta pamene ya m'tosapaka inali idakali youma. Titsala ndi tosapaka.

Kumayambiriro kwa Novembala: machubu

Machubu a pepala lolimba, aja amakankhidwa ndi chala kunsi kuti mafuta atulukire pamwamba, ndi amene ogula achinyamata amawatchula kwambiri chifukwa amawaona pa intaneti. Ubwino wake ndi weniweni: mafuta amathiridwa m'chubu momwemo popanda chikombole, munthu amadzola osagwira mtanda ndi manja, ndipo chubu chikatha chimaola. Abambo angapo amene anayesa anachikonda pa nkhani ya zidendene, ati chifukwa safuna kupita kuntchito ndi manja oterera. Kuthira kwake kumafuna luso pang'ono. Mafuta akakhala otentha kwambiri amadutsa m'mphepete mwa kapepala ka kunsi n'kutayikira pathebulo, choncho timayamba tathira pang'ono pokha kuti atseke mpatawo, akauma n'kudzazitsa ndi mafuta amene ayamba kale kuzizira. Pamwamba pamalowa kadzenje pouma chifukwa phula limafota likamazizira, ndipo pamafunika kuthirapo kachiwiri.

Ngakhale machubuwa ali ndi chophimba chosalowa mafuta mkati, amene anakhala m'kanyumba ka malata anatuluka mzere wa mafuta kuzungulira kunsi ndi pakamwa, ndipo zivundikiro zina zinayamba kugwedera. Vuto lalikulu, komabe, ndi kapezedwe kake. Amene tinayesa anachokera kunja, ogulitsa ake amafuna munthu aitanitse ambiri nthawi imodzi, ndipo kulipira kumafuna ndalama zakunja zomwe zakhala zikusowa m'dziko muno. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wopanga katundu pang'onopang'ono ngati ife amaganiza kawiri asanamangirire malonda ake pa chinthu chongoitanitsa. Tizitini ta aluminiyamu natonso timachokera kunja, koma ubwino wake ngwakuti pali amalonda angapo amene amabweretsa, ndipo munthu angagule tochepa malinga ndi thumba lake.

Machubu a pulasitiki opotokola kunsi sadontha ngati a pepala, koma anthu ambiri atawaona anaganiza kuti ndi mafuta a kunkhwapa, ndipo kufotokozera wogula aliyense kuti si choncho ndi ntchito ina payokha. Pa pulasitiki pali chenjezo limodzi loyenera kulemba pano. Mitanda yathu ina timainunkhiritsa ndi mafuta a makoko a malalanje, ndipo mafuta amenewa amadya pulasitiki wa mtundu wa polystyrene, amene kunsi kwake kumalembedwa nambala 6 m'kachizindikiro ka makona atatu. Timakontena toonekera mkati, tolimba koma tosachedwa kuthetheka, nthawi zambiri timakhala ta mtundu umenewu. Wa nambala 5, polypropylene, amapirira bwino. Nkhani ya machubu taiimika kaye. Tidzaionanso malonda akakula.

Pakati pa Novembala: zolemba pa chitini

Masitika osindikizidwa pa pulinta ya inki yamadzi anafufutika atangokhudzidwa ndi chala cha mafuta, ndipo pepala lake linasanduka loonekera. Osindikizidwa pa pulinta ya laser sanafufutike zilembo, koma pepala linathimbirira ndithu. Amene apirira ndi a vinyl, pulasitiki yomata, omwe amadulidwa ndi anthu osindikiza zikwangwani m'tauni muno. Taonanso kuti sitika imamatuka msanga ngati chitini chinagwiridwa ndi manja a mafuta isanamatidwe, choncho dongosolo la ntchito lasintha: tizitini timapukutidwa ndi sipiriti n'kumatidwa masitika tikadali topanda kanthu, pathebulo lina, ndipo mitanda imaikidwamo pomalizira ndi munthu wovala magolovesi.

Malo olembapo ndi ochepa, choncho tagawa pawiri. Pachivundikiro pali dzina la mafuta, fungo lake ndi kulemera kwa mtanda. Kulemeraku ndi kwa mtanda wokha, magalamu 40, osati mamililita 60 a chitini, ndipo timaonetsetsa kuti mtanda uliwonse ukudutsa pang'ono pa nambala yolembedwayo osati kuperewera. Kunsi kwa chitini kuli zosakaniza zonse kuyambira chochuluka mpaka chochepa, nambala ya gulu la mitanda imene inaphikidwa limodzi, mwezi wopangira, mwezi woti mafuta akhale atagwiritsidwa ntchito, ndi dzina la opanga. Nambala ya gulu ikuyamba ndi chilembo chosonyeza ngati msakanizo ndi wa nyengo yotentha kapena yozizira, kuti dandaulo likabwera tidziwe pofufuza. Zosakaniza tazilemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo tikuganiza zoonjezera maina a sayansi amene amagwiritsidwa ntchito pa zodzola m'maiko ambiri, monga Cera alba pa phula, Butyrospermum parkii pa shea ndi Adansonia digitata pa malambe, ngati malo alola.

Mawu a kasungidwe tinawakambirana nthawi yaitali kuposa mmene ndimayembekezera. Kulemba kuti "sungani pamalo ozizira" n'kosathandiza kwa munthu wa ku Chikwawa amene nyumba yake yonse ndi yotentha. Tagwirizana pa mawu akuti, "Sungani pamthunzi, chitini chili chilili. Akasungunuka, asiyeni aume; sanaonongeke." Ena m'gulu lathu amafuna tilembe kuti mafutawa amachiza zipere ndi zidzolo, popeza ogula ena amatero, koma ndakana. Katundu wolembedwa kuti amachiza matenda walowa m'gulu la mankhwala, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ife tilibe umboni wa zoterozo. Chimene tingalembe moona n'chakuti amafewetsa khungu louma. Popeza cholinga chathu ndi kudzafika m'masitolo akuluakulu, omwe amafuna katundu wovomerezedwa ndi Malawi Bureau of Standards, tasindikiza masitika ochepa okha, kuti ngati a bungweli adzatiuza zosintha tisadzataye ambiri, ndipo pa sitika ya kunsi tasiya malo a chizindikiro chawo.

Disembala

Mvula yayamba, ndipo yabweretsa mayeso ena amene sitikanatha kuchita mu Okutobala. Tizitini ta malata timene tinasiya kubafa tayamba madontho a dzimbiri m'mphepete, pamene ta aluminiyamu tili chimodzimodzi. Chisankho chachikulu chatsimikizika: kachitini ka aluminiyamu kosapaka penti, ka mamililita 60, ka chivundikiro cha mazinga chokhala ndi kathovu, mkati muli mtanda wozungulira wa magalamu 40 pa kapepala ka kamchira.

Chotsala ndi mtengo. Titawerengera zonse, chitini ndi masitika ake awiri zikutenga gawo lalikulu la ndalama zopangira mtanda umodzi, ndipo sindikuona chilungamo kuti munthu amene wabwera kachitatu alipirenso chitini pamene kunyumba ali ndi ziwiri zopanda kanthu. Choncho tiyamba kugulitsa mitanda yoonjezera, yokulungidwa m'pepala losalowa mafuta n'kuikidwa m'kabokosi kakang'ono ka katoni, pa mtengo wotsikirapo. Pepala lija linalephera mu Seputembala likukwanira pa ntchito imeneyi, chifukwa likungofunika kuchoka pa kauntala kukafika kunyumba, kenako mtanda ulowa m'chitini chakale. Mitanda yoonjezerayi tizigulitsa pamanja pokha, ku saluni ndi kumisika ya kumapeto kwa sabata, ndipo siizitumizidwa pa basi miyezi yotentha. Panali ganizo loti ogula azibweza zitini kuti tizitsuka n'kuikamonso mafuta, koma talikana pakadali pano, chifukwa kadontho kamadzi kotsalira m'mazinga kapena kuseri kwa kathovu n'kokwanira kuyambitsa chuku pa katundu amene mulibe mankhwala omuteteza, ndipo chitini cha munthu wina sitingadziwe chinasungidwamo chiyani. Aliyense asunge chake, ndipo pa kabokosi tilembapo kuti achipukute ndi kansalu kouma asanaikemo mtanda watsopano.

Timabokosi timene osindikiza atipangira ngati chitsanzo tayamba kale kufewa ndi chinyezi, ndipo tina tapindika m'makona tisanaikidwemo kanthu. Tawapempha atipangire tina ta katoni yokhuthala pang'ono, tosindikizidwa ndi mtundu umodzi wokha kuti mtengo usakwere, ndipo tikatilandira tikhala pa shelefu ya ku saluni mpaka kumapeto kwa Febuluwale, mvula ili pachimake, tisanaitanitse tambiri. Msakanizo wa nyengo yozizira tidzauyesa m'chitini chomwechi mu Meyi, makamaka kuona ngati mtanda wofewerapowo sumatirira pa kapepala ka pansi.